Pulogalamu Yopirira Fumbi la ku Malomo

Funso lakuti pulogalamu yabwino ya kompyuta ndi yotani lakhala likuzunguza akatswiri chiyambire pamene makina oyamba adayatsidwa ku Ulaya ndi ku America, ndipo mabuku olembedwa pa nkhaniyi ngochuluka kotero kuti munthu sangawamalize ngakhale atapatsidwa zaka za Metusela. Koma ine ndiyesa kuti kwa ife a kuno yankho lake silili kutali, pakuti pulogalamu yolembedwa mu ofesi ya mphepo yozizira ku Lilongwe kapena ku Blantyre sitinganene kuti yatha kufikira itakagwira ntchito pamalo onga Malomo, pamene msewu wotsika kuchokera kuboma la Ntchisi ukumana ndi wochokera ku Kasungu kunka ku Nkhotakota. Kumeneko magetsi amapita osatsazika, netiweki imabwera ndi kuchoka monga ifunira, fumbi la mu Okutobala limalowa paliponse pali kampata, ndipo kalaliki wa pachipatala, amene pakhomo pake amayi obereka ana andanda chiyambire mbandakucha, alibe nthawi yotsegula buku la malangizo, ngakhalenso mtima wopirira makina omufunsa zambiri. Malamulo onse a luso limeneli, amene anyamata ndi asungwana athu akuwaloweza m'masukulu a ukachenjede, ayenera kuyesedwa pa muyeso umenewo.

Amene adayamba kuphunzira zimenezi m'dziko muno, naziphunzira ndi thukuta, ndi a bungwe la Baobab Health, limene Gerry Douglas adaliyambitsa, ndipo makina awo oyamba adaikidwa m'chaka cha 2001 kuchigawo cha ana pa chipatala chachikulu cha Lilongwe, chimene lero tichitcha Kamuzu Central. Iwo sadagule makompyuta a mtengo wapatali ayi, koma adatola timakina totchedwa I-Opener, timene ku America tidapangidwira kuonera intaneti m'nyumba koma malonda ake adagwa, natikonza kuti munthu azingokhudza pagalasi ndi chala, popanda kiyibodi kapena mouse. Boma litayamba kugawa ulere mankhwala a ma ARV m'chaka cha 2004, odwala adachuluka m'zipatala, ndipo makadi a pepala, amene ankayenera kuwerengedwa limodzilimodzi pakutha pa miyezi itatu iliyonse kuti lipoti lipite ku unduna, adasanduka mtolo wosasenzeka. Pamenepo, m'chaka cha 2006, pulogalamu yawo ya ma ARV idayamba ntchito ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo pambuyo pake idafalikira m'zipatala zambiri.

Chimene chiyenera kusamalidwa pa ntchito yawo si kukula kwake, koma zimene adakana kuchita. Adakana kudzaza galasi ndi mabokosi makumi awiri monga zimakhalira pa fomu ya pepala, nasankha kuti pagalasi pazioneka funso limodzi lokha ndi mabatani akuluakulu, kuti namwino amene sadakhudzepo kompyuta chibadwire aphunzire msanga. Adakana kudalira magetsi a pakhoma, nayendetsa makinawo ndi mabatire, mphamvu yake n'kumadutsa mu waya yemweyo wonyamula uthenga. Adakananso kudalira dzina la munthu, nasindikiza kapepala komata ka mizeremizere kamene kamaikidwa pa buku la kuchipatala la wodwala, kuti akabweranso makina amuzindikire mwa kungowalitsa kapepalako. Ndipo koposa zonse adaika mlonda pakhomo polowera manambala: ngati namwino, pofuna kulemba kuti khanda likulemera makilogalamu 7.0, walemba 70, pulogalamu iyenera kumuimitsa pomwepo, mwana akadali pasikelo ndi mayi wake akadali m'chipindamo, pakuti cholakwa chogwidwa nthawi imeneyo chikonzedwa ndi chala chimodzi, pamene chikapezeka patapita miyezi itatu, mu lipoti la ku likulu, palibenso wokumbukira kuti mwanayo anali yani.

Pa nkhani ya mayina ndifuna kukhalitsapo, chifukwa ndi pamene olemba mapulogalamu ambiri, ophunzira kuchokera m'mabuku a maiko akutali, amapunthwa asanaone mwala. Buku limawauza kuti munthu ali ndi dzina loyamba, dzina la bambo ndi tsiku lobadwa, ndipo iwo amamanga database yawo pa maziko amenewo. Koma taonani, mayi mmodzi yemweyo lero adzitchula ndi dzina la ubatizo, mwezi wamawa ndi la mwamuna wake, ndipo tsiku lina adzangoti ndine Nabanda, monga amuitanira kumudzi. Kalaliki wina alemba Phiri, wina Phili. Wina Chirwa, wina Chilwa. Ndipo kwa makina, amene sadziwa kuti pakamwa pathu l ndi r sizisiyana kwenikweni, awa ndi anthu anayi. N'chifukwa chake a Baobab adasintha njira yakale yofananitsira mayina mwa kamvekedwe kake, yotchedwa Soundex, imene idapangidwira mayina a Chingerezi, kuti igwirizane ndi mayina athu. Tsiku lobadwa nalonso lili ndi zake: agogo ambiri a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi adzakuuzani kuti adabadwa itangotha njala ya 1949, ndipo pulogalamu imene ikakamiza tsiku, mwezi ndi chaka ikakamiza kalaliki kunama. Yanzeru imalola chaka chokha, niika chizindikiro chakuti tsikuli n'longoyerekeza, kuti wodzawerenga m'tsogolo asadzadabwe poona khamu la anthu obadwa tsiku limodzi.

Palinso kanthu kakang'ono kamene kagwetsa mapulogalamu ambiri m'dziko muno, ndiko kachizindikiro kaja timaika polemba Ng'oma, Ng'ambi kapena M'bang'ombe. M'chinenero cha SQL, chimene mapulogalamu amalankhulira ndi database, kachizindikiro kameneko ndiko kotsekera mawu. Choncho mmisiri akangolumikiza dzina la munthu ndi lamulo lake monga chingwe chimodzi, makina amaona ngati dzina lathera pa Ng, natenga zotsalazo ngati lamulo losamveka, ndipo zonse zimaima. Mmisiri waulesi amauza kalaliki kuti azilemba dzinalo popanda kachizindikiroko, ndipo motero aipitsa dzina la mwini, nasiyanso khomo lotsegula. Pakuti pakhomo lomwelo, pamene a Ng'oma adapunthwa mosalakwa, ndi pamene mbala zimalowera mwadala, kulemba lamulo lawo m'bokosi la dzina ndi kutulutsa zinsinsi zonse za odwala. Mankhwala ake ngodziwika kalekale: lamulo litumizidwe palokha, dzina palokha, mwa njira imene amisiri amaitcha parameterised query. Chimodzimodzinso nambala ya foni, imene ikasungidwa ngati nambala yowerengera imataya 0 wake woyamba uja; iyenera kusungidwa ngati mawu, popeza palibe amene adzaphatikiza manambala a foni awiri kuti apeze yachitatu.

Komabe, ngakhale mmisiri achenjere chotani, zolakwa zidzakhalapo ndithu. Maurice Wilkes, amene adatsogolera kumanga makina a EDSAC ku Cambridge, amene adayamba kugwira ntchito m'chaka cha 1949, adasimba pambuyo pake kuti m'masiku oyambirira omwewo adazindikira kuti gawo lalikulu la moyo wake lidzathera pofunafuna zolakwa m'mapulogalamu ake omwe; ndipo chiyambire pamenepo palibe m'badwo wa amisiri umene udapulumuka goli limeneli. Kusiyana kwa mmisiri wokhwima ndi wosakhwima sikuli pa kusalakwa, koma pa kafufuzidwe.

Kufufuza cholakwa cha m'pulogalamu, chimene amisiri amachitcha bug, kufanana ndi kuzenga mlandu pabwalo la mfumu, ndipo amene adakhalapo pansi pa mtengo kumvera nduna zikufunsa adzamva msanga chimene ndikunena. Mfumu yanzeru siigamula itangomva wodandaula, ndiponso siikhulupirira mthenga, popeza akulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa. Foni ikalira kuchokera kuchipatala cha kumudzi, munthu n'kunena kuti kompyuta yafa, mawu amenewo sali umboni konse. Mmisiri afunse modekha, monga afunsa nduna: Achimwene, munali pa tsamba liti? Mudakhudza chiyani chisanachitike? Pagalasi padalembedwa mawu otani, ndipo mungawajambule ndi foni? Zikuchitika kwa wodwala aliyense, kapena kwa mmodzi yekha? Cholinga cha mafunso onsewa n'chimodzi, ndicho kuti cholakwacho chichitikenso pamaso pa mmisiri, mwa kufuna kwake, nthawi iliyonse imene afuna. Pakuti cholakwa chimene sungathe kuchiitana, sungathenso kutsimikiza kuti wachichotsa. Pambuyo pake aitane mboni, ndizo uthenga wa cholakwa umene makina adalemba, ndi log, buku lija pulogalamu imalembamo zochita zake ndi nthawi yake. N'zomvetsa chisoni kuona kuchuluka kwa achinyamata amene, mawu ofiira akangotuluka, amawatseka msangamsanga ngati aona njoka, pamene mawuwo atchula fayilo ndi mzere weniweni pamene phazi lidaterereka. Ndipo mboni zikamveka, mmisiri anene m'mtima mwake, kapena alembe pa pepala, kuti ndikuganizira chakuti, ndipo ngati ndalondola, ndikachita ichi ndidzaona ichi. Asinthe chinthu chimodzi chokha, naone. Wosintha zinthu zisanu pamodzi, zikayenda sadziwa chimene chachiritsa, zikakanika sadziwa chimene chaonjezera matenda. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pamene woganiziridwa sakupezeka konse, pali njira ya kugawa pakati, imene mphamvu yake anthu ambiri saikhulupirira kufikira ataiwerengera. Tinene kuti pulogalamu inkayenda bwino mu Januwale, lero yaonongeka, ndipo pakati pa nthawi ziwirizi amisiri adasinthamo kokwanira 1,000. Simuyenera kuyesa masinthidwe onsewo. Yesani la pakati, ndipo mudzadziwa ngati cholakwa chidalowa m'theka loyamba kapena lachiwiri. Gawaninso thekalo pakati, ndi kubwereza motero, ndipo pa mayeso khumi okha mudzakhala mutaloza kusintha kumodzi kumene kudabweretsa tsokalo. Git, chida chosungira mbiri ya code chimene Linus Torvalds adalemba m'chaka cha 2005, chili ndi lamulo lotchedwa bisect lochitira zimenezi. Koma lamuloli limathandiza okhawo amene amasunga ntchito yawo pang'onopang'ono, kusintha kulikonse ndi mawu ake ofotokoza, osati amene amaunjika za mwezi wathunthu pamodzi nalembapo mawu amodzi akuti update.

Chida china n'chotsika mtengo kuposa zonse, ndicho kufotokozera mnzako mzere ndi mzere chimene code ikuchita, pakuti kawirikawiri munthu amadzigwira yekha pakati pa kufotokozako, mnzakeyo asanatsegule n'komwe pakamwa. Kuno ku Dowa, mumsasa wa Dzaleka, umene udali ndende m'masiku a Kamuzu ndipo udasanduka malo a othawa kwawo m'chaka cha 1994, Remy Gakwaya wa ku Burundi adayambitsa sukulu ya TakenoLAB yophunzitsa kulemba mapulogalamu, ndipo poyamba, makompyuta atasowa, ophunzira ake ankazolowetsa zala pa zithunzi za kiyibodi zosindikizidwa pa pepala. Umphawi wotere suyenera kutamandidwa ngati dalitso, ndipo ine sindikuutamanda. Koma m'menemo muli chizolowezi chimene eni makompyuta ambiri adataya, cha kutsata pulogalamu ndi pensulo, kulemba pambali chimene nambala iliyonse yasanduka pa sitepe iliyonse, usanaipereke kwa makina.

Cholakwa chikapezeka ndi kukonzedwa, ntchito siinathe. Mmisiri alembe kayeso kakang'ono kodziyendera kokha, kamene kakadalephera dzulo koma lero kakupambana, kuti mnzake akadzabwezeretsa cholakwacho mosadziwa chaka chamawa, makina adzafuule okha. Ndipo adzifunse ngati m'bale wake wa cholakwacho sakubisala pena, popeza amene adaiwala za a Ng'oma pa tsamba lolembetsa adawaiwalanso, mosakayika, pa tsamba lofufuzira. Komabe asadzitame ndi mayeso ake, pakuti Edsger Dijkstra wa ku Netherlands adachenjeza kale kuti kuyesa kungaonetse kuti zolakwa zilipo, koma sikungaonetse kuti palibe.

Za kuopsa kwa kutenga pulogalamu yoyesedwa bwino kwina ndi kuiika pamalo pena, dziko lidaphunzira pa 4 Juni 1996, pamene roketi ya Ariane 5, pa ulendo wake woyamba kuchokera ku Kourou, idapatuka niphulika patangotha masekondi pafupifupi 40. Gawo la pulogalamu yake lidatengedwa ku Ariane 4, kumene lidatumikira mokhulupirika. Koma roketi yatsopanoyo inkathamanga cham'mbali koposa yakale, ndipo nambala ina idakula kupitirira 32,767, ndiwo malire a malo amene adaikonzera. Chowawa koposa n'chakuti kompyuta yachiwiri, yoikidwa kuti ipulumutse yoyamba ikalephera, inali ndi pulogalamu yomweyo, ndipo idagwa pa chifukwa chomwecho. Pulogalamu iliyonse imanyamula zikhulupiriro za kwawo zosalembedwa, ndipo yochokera kunja imafika kuno itakhulupirira kuti intaneti siiduka, kuti nyumba iliyonse ili ndi nambala ndi dzina la msewu, ndi kuti aliyense ali ndi foni yakeyake. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Amene adamanga pulogalamu ya cStock, imene idayamba m'chaka cha 2011 m'maboma angapo, mwa iwo Kasungu ndi Nkhotakota, isanafalikire m'dziko lonse, adayamba ndi chimene mlangizi wa zaumoyo wa kumudzi anali nacho kale m'thumba, ndicho foni wamba ya mabatani. Mlangizi amatumiza uthenga wa SMS wonena mankhwala amene atsala m'bokosi lake, makina amawerengera zimene ayenera kulandira nadziwitsa a kuchipatala, ndipo zikakonzeka iye amauzidwa, kuti asayende mtunda wautali pa njinga kukapeza palibe kanthu. Koma netiweki yofooka ili ndi msampha wina umene suoneka mu ofesi ya mumzinda. Munthu akatumiza uthenga, yankho n'kuchedwa, amatumizanso, ndipo nthawi zina kachitatu. Tsono ngati uthengawo unali wotumiza ndalama, monga achitira tsiku ndi tsiku ma ejenti a Airtel Money ndi Mpamba pa msika uliwonse nyengo yogulitsa soya ndi mtedza, pulogalamu yosaganizira zimenezi ikhoza kulipira kawiri. Chifukwa chake ntchito iliyonse yotere ipatsidwe nambala yakeyake isananyamuke pa foni, kuti server ikaiona kachiwiri iyankhe kuti ndalandira kale, osachitanso kanthu. Ndipo pulogalamu ya pa foni kapena tabuleti isunge zolembedwa m'kati mwake netiweki ikasowa, nizitumize ikabwera, ndi kumuuza mwini poyera zimene zapita ndi zimene zikudikira.

Pa kamangidwe ka m'kati akatswiri amatsutsana kwambiri, ndipo mafashoni ake amasintha pafupipafupi, koma pali mfundo imodzi imene yakhala chilili chiyambire pamene David Parnas adailemba m'chaka cha 1972: pogawa pulogalamu m'zigawo, funsani kuti n'chiyani chingadzasinthe, ndipo chimenecho chibisike m'gawo limodzi, ena onse asadziwe za m'kati mwake. Ife amene tidaona kwacha ikugwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi mu Novembala 2023 sitifunika kuuzidwa kuti mitengo imasintha. Mmisiri amene adalemba mtengo wa thumba la feteleza m'malo khumi ndi awiri a code yake adzakonza khumi ndi limodzi, ndipo lotsalalo lidzamuneneza kwa alimi. Mayina a zinthu m'code akhale onena zoona, ngakhale atalike, ndipo pamene pali muyeso dzina liutchule, kaya ndi makilogalamu kaya ndi matumba. Chombo cha Mars Climate Orbiter chidatayika m'chaka cha 1999 chifukwa gulu lina linkawerengera mphamvu m'mapaundi pamene lina linkayembekezera ma newton. Za kuchenjeretsa code kuti anzako akugomere, ine ndilibe nazo chifundo, pakuti code imalembedwa kamodzi koma imawerengedwa kambirimbiri, ndipo woiwerenga kawirikawiri amakhala munthu wotopa, usiku, chipatala chikudikira.

Izi zitifikitsa pa mkangano umene m'dziko muno uli ndi ululu wakewake, popeza mapulogalamu athu ambiri amabadwa ndi ndalama za mabungwe othandiza, ndipo pulojekiti ikatha amisiri amabalalika, ena kunka ku Johannesburg, ena kulembedwa ntchito ndi makampani akunja ali pakhomo pawo. Nkhuyu zodya ana zidapota akulu, ndipo wotsala ndi pulogalamuyo ndi amene sadailembe. Mmisiri watsopano akaitsegula, mtima wake umamuuza kuti agwetse zonse ayambe pachiyambi, ndipo nthawi zina amalondola, makamaka pamene chinenero chake chakalamba kotero kuti palibenso amene akutseka mipata yolowera mbala. Koma kawirikawiri mtimawo umanyenga. Kampani ya Netscape idasankha kulembanso msakatuli wake kuyambira pansi m'chaka cha 1998, ndipo pamene watsopanoyo ankatuluka kumapeto kwa 2000, Internet Explorer inali itatenga kale msika. Mizere yooneka yachilendo m'code yakale nthawi zambiri ndi zipsera za mabala amene adapola: uwu udaikidwa chifukwa chosindikizira cha pachipatala china chimachedwa kudzuka magetsi akabwera, uwo chifukwa mwezi wina lipoti lidawerenga kawiri odwala osamukira kwina. Wolemba zatsopano amataya zonsezi pamodzi ndi zinyalala, ndipo adzazitolanso chimodzichimodzi, odwala ndi makalaliki akulipira mtengo wake. Njira imene ine ndiikonda ndiyo kuzinga gawo lakale ndi mayeso poyamba, kenaka kulisintha pang'onopang'ono likugwirabe ntchito. Ndipo mzere uliwonse usanachotsedwe, mmisiri ayang'ane m'mbiri ya Git kuti adauika ndani, liti, ndi pa chifukwa chanji, ndipo ngati wouikayo akali ndi foni, amuimbire.